Kodi Wopenekera Akaphonya, Wanama?

M'mwezi wa April, chaka cha 2011, anthu a ku Poland adamva mbiri imene idawakondweretsa kopambana. Ofesi ina ya boma la United States, dzina lake Energy Information Administration, imene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ziwerengero za malasha, mafuta ndi gasi, idalengeza kuti pansi pa dziko la Poland pali gasi wokwana makyubikimita mabiliyoni 5,300 amene angathe kutulutsidwa. Kyubikimita ndiye muyeso wa gasi, ndiko kuti malo a m'kati mwa bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mumsinkhu momwe. Masiku amenewo dziko lonse la Poland linkatentha makyubikimita ngati mabiliyoni 14 pa chaka. Ngakhale mwana wa sukulu akadatha kugawa yekha pa sileti, napeza kuti gasi wotere akadakwanira zaka zoposa 300.

Chimwemwe chaocho chidali ndi chifukwa. Poland ndi dziko lozizira, ndipo gasi ndiye afunditsa nyumba zambiri m'nyengo ya chisanu, naphika chakudya, nayendetsa mafakitale opanga feteleza. Koma magawo awiri mwa atatu a gasi wao ankagula kunja, makamaka ku Russia, dziko limene lidalamulira chigawo chachikulu cha Poland zaka zoposa 100 kufikira nkhondo yaikulu yoyamba, ndipo pa dzina la Soviet Union lidawapanikizanso kuyambira 1945 mpaka 1989. Anthu adali asanaiwale za January 2009, pamene Russia adakangana ndi Ukraine, gasi naleka kuyenda m'mapaipi ena opita ku Ulaya milungu iwiri yathunthu, chisanu chili pachimake. Tsono kumva kuti chuma chotere chili pansi pa mapazi ao kudali ngati kumva kuti goli la m'khosi lathyoka.

Patapita zaka zisanu zokha, makampani adali atalongedza zitsulo zao. Adaboola zitsime zoposa 70, koma panalibe nchimodzi chomwe chimene chidatulutsa gasi wokwanira kubweza ndalama zimene adamwaza. Funso limene nkhani iyi idzutsa si la akatswiri a miyala okha ai, koma la munthu aliyense amene anena kapena kumva chiwerengero cha chinthu chosaoneka. Kodi padali wonama? Ndipo ngati panalibe wonama, nanga mtundu wathunthu udanyengeka bwanji?

Gasi wobisala m'mwala

Gasi amene anthu adazolowera kale amapezeka m'miyala ya mchenga, yokhala ndi timipata tambiri monga chinkhupule. Munthu akaboola chitsime chimodzi pamalo oyenera, gasi amathamangira yekha ku chitsimecho kuchokera kutali. Koma pali mwala wina wochedwa shale, umene udapangika ndi matope okhazikika pansi pa nyanja zakalekale, osakanizika ndi tizilombo ndi ndere zakufa. Matopewo adapsinjika, natenthedwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko zaka zosawerengeka, kufikira zakufa zija zidasanduka gasi. Mwala umenewu ngwothinana kotero kuti gasi sangathe kuyendamo. Akhala wotsekeredwa m'timaenje tosaoneka ndi maso.

Njira yomtulutsira idapezeka ku Texas, m'mwala wochedwa Barnett pafupi ndi mzinda wa Fort Worth, kumene kampani ya George Mitchell idayesayesa zaka 17 isanapambane mu 1998. Ntchitoyo monga ichitika tsopano ndi iyi: amaboola chitsime chotsika makilomita awiri kapena atatu, kenaka nakhotetsa chitsulo choboolera kuti chiyende chopingasa m'kati mwa mwalawo. Atatero amapoperamo mwamphamvu yaikulu madzi ambiri osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala, mwala nung'ambika, mchenga nutsala m'ming'alu kuti isatsekekenso. Ntchito imeneyi amaicha fracking. Chitsime chotere chimangokama mwala umene uli pafupi ndi ming'alu yake, nchifukwa chake pamafunika zitsime mazana kapena zikwi. Ndipo chitsime chimodzi sichinenera chinzake, pakuti mwala umasiyana ngakhale pa mtunda waufupi: apa pali gasi wambiri, apo pali wochepa.

Miyeso inai ya chuma chobisika

Mlimi wa mtedza adziwa bwino bvuto limeneli, pakuti dzinthu zake nazonso zibala kumene maso safika. Munthu akamfunsa mu February kuti, "Mtedza wanu ngwochuluka bwanji?" funsolo lili ndi mayankho anai. Loyamba ndi mtedza wonse umene uli m'nthaka. Lachiwiri ndi umene khasu lingathe kufukula, pakuti wina uthothokera m'dothi louma nutsala momwemo. Lachitatu ndi umene uli ndi phindu kuufukula, popeza kumalo ena a munda kudabala pang'ono, kotero kuti malipiro a waganyu aposa mtedza umene angatole. Lachinai ndi umene uli kale m'nkhokwe. Mayankho anaiwa onse ngoona, koma asiyana kutalitali, ndipo wokongola ndalama poyang'ana yankho loyamba adzalira tsiku lobweza.

Akatswiri a gasi nawonso ali ndi miyeso inai yomweyi. Pali gasi yense wokhala m'mwala. Pali amene zipangizo za masiku ano zingathe kutulutsa, osawerengera mtengo wake. Pali amene angatulutsidwe ndi phindu pa mtengo wa pamsika. Ndipo pali amene zitsime zatsimikiza kale kuti alipo ndi kuti adzagulitsika. Vincent McKelvey, amene adali mkulu wa ofesi yofufuza za miyala ya United States, adafotokoza masiyanidwe otere mu 1972, nasonyeza kuti chuma cha pansi chiyenera kuyesedwa ndi mafunso awiri nthawi imodzi: kodi nchotsimikizika kufika pati, ndipo kodi chili ndi phindu kufika pati? Chiwerengero chija cha 5,300 chidali cha muyeso wachiwiri. Olemba ake sadabise zimenezi, ndipo ngakhale pa mutu wa kalata yao adanena kuti uku nkuyesa koyamba chabe, kokhudza maiko 32. Koma pofika m'makutu a anthu wamba, mtedza wa m'nthaka udamveka ngati wa m'nkhokwe.

Chiwerengero chopenekera chipangika bwanji

Kupenekera kwa katswiri si kuombeza ula. Iye amatenga kukula kwa dera limene mwala uli pansi pake, nachulukitsa ndi kuchindikala kwa mwalawo, nachulukitsanso ndi gasi amene aganiza kuti ali mu thani iliyonse ya mwala. Atatero amachotsapo malo amene akaika kuti sadzabala, ndipo potsiriza amasankha gawo limene lingatuluke, kawirikawiri magawo 20 kapena 30 mwa 100. Masamu ake ngolondola, koma nambala iliyonse imene alowetsamo njopenekera, ndipo zolakwa zikachulukitsidwa zimakula msanga. Munthu aone chitsanzo ichi: ngati dera labwino lichepa ndi theka, gasi wa m'mwala nachepa ndi theka, gawo lotuluka nalonso nilichepa ndi theka, chotsala si theka ai, koma gawo limodzi mwa magawo 8. Palibe amene walakwa kwambiri pa chinthu chimodzi, komabe magawo 7 mwa 8 a chuma chija asungunuka.

Palinso chikaiko china. Chitsime cha m'mwala wa shale chimayamba ndi mphamvu, koma chisanathe chaka chimodzi gasi wake amatsika ndi theka kapena kuposa, kenaka nachita kudontha pang'onopang'ono zaka zambiri. Katswiri amaona zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, ndipo pa zimenezo amajambula mzere wofika zaka 30 m'tsogolo. Akaukhotetsa pang'ono chabe mzerewo, chiwerengero chonse chisintha. Ndipo kumene kulibe zitsime zotere ndi pang'ono pomwe, monga kudaliri ku Poland mu 2011, katswiri alibe pogwira pena koma kubwereka: amayang'ana mwala wa ku America umene ufanafana ndi uwu, nati, "Uwunso udzabala chimodzimodzi." Ali ngati munthu woyesa mtedza wa m'munda mwake pozula mapando atatu m'munda wa mnzake wa kutsidya kwa mtsinje.

Nchifukwa chake akatswiri ena atayesa mwala womwewo adapeza zina. M'mwezi wa March 2012, ofesi ya boma la Poland yofufuza za miyala idalengeza kuti gasi wotheka kutulutsa ali pakati pa mabiliyoni 346 ndi 768, ndiko kuti wokwanira zaka ngati 25 mpaka 55. Umboni wao adautenga ku zitsime zakale 39 zimene zidabooledwa pakati pa 1950 ndi 1990 pofunafuna zinthu zina. Chaka chomwecho ofesi yofufuza za miyala ya United States idapenekera mabiliyoni 38 okha, gasi wosakwanira ndi zaka zitatu zomwe. Magulu atatu a anthu ophunzira, osapenga ndi osaledzera, adayang'ana mwala umodzi, ndipo chiwerengero chachikulu chidaposa chaching'ono pafupifupi ka 140. Kusiyana kotere kudali kulalika poyera kuti panalibe amene adadziwa.

Chitsulo chidaweruza mlandu

Boma la Poland lidapereka zilolezo zoposa 100 zofufuzira gasi. Mu September 2011 nduna yaikulu, Donald Tusk, adakayendera chitsime cha ku Lubocino kumpoto kwa dzikolo, nanena za chiyembekezo chake chakuti gasi adzayamba kugulitsidwa mu 2014. Akulu ena adafanizira dziko lao ndi Norway, limene lidalemera ndi mafuta ndi gasi. Aphungu adakangana za msonkho umene makampani adzapereke, nakhazikitsa lamulo lake mu 2014. Nyama idagawidwa ikali m'tchire.

Koma chitsulo choboolera chidapeza zina. Mwala wa ku Poland uli pansi kwambiri, makilomita atatu kapena anai m'malo ambiri, kotero kuti chitsime chilichonse chidadya ndalama zoposa za ku America. Ndiponso mwalawo uli ndi dongo lambiri. Mayi woumba mbiya adziwa kuti phale lootcha likamenyedwa lisweka, koma mtapo wauwisi ungofwamphuka nubwereranso. Momwemonso mwala wa dongo sung'ambika bwino, ndipo ming'alu yake siikhalitsa. ExxonMobil adachoka mu 2012 ataboola zitsime ziwiri. Talisman ndi Marathon adatsatira mu 2013, Eni ndi Total mu 2014, Chevron ndi ConocoPhillips mu 2015, ndipo mu 2016 makampani a dziko la Poland lomwe adaleka.

Wochepetsa nayenso aphonya

Wowerenga angafulumire kunena kuti phunziro lake nlapafupi: chiwerengero chachikulu nchabodza, chaching'ono ndicho choona. Koma mbiri ya mwala wina itsutsa ganizo limeneli. Pansi pa zigawo za Pennsylvania, West Virginia, Ohio ndi New York ku United States pali mwala wa shale wochedwa Marcellus. Mu 2002 ofesi yofufuza za miyala ija, yomweyo imene idachepetsa za Poland, idapenekera kuti gasi wotheka kutulutsa m'menemo safika mabiliyoni 60. Mu 2011 ofesi yomweyo idakweza chiwerengero chake kufika pafupifupi 2,400. Ofesi ina ija, imene idakuza za Poland, idati 11,600 mu 2011, ndipo chaka chotsatira idatsitsa kufika 4,000. Nanga zitsime zidanena chiani? Mu 2021 chigawo cha Pennsylvania chokha chidatulutsa mabiliyoni oposa 200, wambiri wa iye wochokera m'mwala umenewu. Chaka chimodzi chidabala kuposa katatu chuma chonse chimene adapenekera mu 2002.

Apa aoneka poyera kuti kuchepetsa si nzeru nthawi zonse, ndipo kukuza si kupusa nthawi zonse. Munthu amene akadamvera chiwerengero cha 2002 ngati mau otsiriza akadasiya chuma chachikulu pansi. Opeputsa aja sadali aulesi. Adayesa mwala ndi zipangizo za masiku ao, ndipo zipangizo zidasintha. Pakuti mau akuti "wotheka kutulutsa" sanena za mwala wokha, anenanso za luso la anthu ndi mtengo wa pamsika, ndipo ziwirizi sizikhala malo amodzi. Tsono wopenekera afunsidwa kudziwa zinthu zitatu zobisika: za pansi pa nthaka, za m'mitu ya amisiri a mawa, ndi za m'misika ya mawa.

Kuphonya ndi kunama

Augustine Woyera wa ku Hippo adalemba kabuku konena za bodza cha m'ma 395. M'menemo adaphunzitsa kuti munthu wonena chinthu chosakhala choona sali wabodza ngati iye mwini akhulupirira kuti nchoona. Wabodza ndiye amene ali ndi china mumtima nanena china pakamwa. Koma adaonjezapo chinthu chimene ambiri amachidumpha: munthu wotereyo, ngakhale sanama, sali wopanda cholakwa ngati akhulupirira zosayenera kukhulupirira, kapena ngati adziyesa wodziwa chimene sachidziwa.

Poyesa nkhani ya Poland ndi muyeso umenewu, katswiri amene adalemba 5,300, nalongosola kuti wabwereka umboni ku America ndi kuti sadawerengere mtengo, sadaname. Adaphonya, ndipo kuphonya ndi gawo la ntchito yake. Munthu wokana kupenekera kufikira atatsimikiza sadzabzala, sadzamanga, sadzakwata. Cholakwa chingamgwire katswiri pamalo amodzi: ngati apereka nambala imodzi yosalala pamene mumtima mwake muli nambala ziwiri zotalikirana. Amene anena kuti "pakati pa 346 ndi 768" waonetsa chikaiko chake pamodzi ndi nzeru zake. Amene anena nambala imodzi, chikaiko nachikankhira ku masamba a kumapeto kumene owerenga ochepa afika, wanena zoona koma wazibveka chobvala chimene chidzasocheretsa ena.

Koma cholakwa chachikulu sichikhala pa wopenekera. Chikhala pa wonyamula uthenga. Chiwerengero chituluka m'nyumba ya katswiri chili ndi "kapena" wake, "ngati" wake ndi "mwina" wake. Wamalonda wofuna ndalama za anthu achotsapo "mwina". Mtsogoleri wofuna kukondweretsa msonkhano achotsapo "ngati". Wolemba nyuzi wosowa malo pa mutu wa nkhani achotsapo "kapena". Aliyense wa iwo angalumbire kuti nambala sadaisinthe, ndipo alumbira zoona. Komabe chimene chifika kwa mlimi ndi kwa nkhalamba yodikira penshoni si chija chidatuluka kwa katswiri. Tsono ngati wonyamulayo adadziwa chikaiko nachisiya dala, ali ndi china mumtima nanena china pakamwa, ndipo dzina la mchitidwe umenewu nlodziwika. Bodza lotere nlobvuta kuligwira, chifukwa lilibe liu limodzi lonama. Lapangika ndi mau amene adasiyidwa.

Ndipo muyeso umenewu sukondera mbali. Munthu wodana ndi fracking, amene atola nambala 38 nabisa zinazo kuti apambane mkangano, achita chimodzimodzi ndi amene atola 5,300. Onse awiri asankha nambala monga munthu asankha chibonga, osati monga asankha nyali.

Wakumva nayenso ali ndi gawo lake. Anthu a ku Poland adalandira chiwerengero chachikulu msanga chifukwa adachifuna, ndipo adachifuna pa zifukwa zabwino: ufulu wa dziko lao ndi moto m'nyumba zao. Koma khumbo labwino silisandutsa dongo kukhala gasi. Pamene mtima ufuna chinthu kwambiri, ndi pomwe munthu ayenera kufunsa kawiri. Akulu adati, "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

Chotsutsa chimene chiyenera kumveka

Wina angatsutse nati, "Mtsogoleri sangathe kulankhula ngati katswiri. Anthu satsata munthu wodzaza ndi 'kapena'. Ndiponso pakadapanda chiyembekezo chachikulu chija, ndani akadapereka ndalama zoboolera zitsime 70? Ndipo popanda zitsimezo, choona chikadadziwika bwanji?" Mau amenewa ali ndi mphamvu, ndipo gawo lina nloona ndithu. Chikaiko cha pansi pa nthaka sichitha ndi mkangano, chitha ndi kuboola. Poland sidalakwe kuyesa. Makampani amene adataya ndalama zao adali ndi akatswiri aoao, adadziwa kuti achita maere, ndipo kuluza kwao sikuli mlandu wa munthu wina. Kudziwa kuti gasi kulibe nakonso nchuma, pakuti kumasula dziko kuti liyang'ane kwina.

Koma chotsutsachi chiphonya pamodzi. Kuitana anthu kuti, "Tiyeni tiyese, pakuti mwina mulipo zambiri, mwina mulibe kanthu," nkuwalemekeza ngati akulu amene angathe kusenza choona. Kuwauza kuti, "Mulipo zambiri," pofuna kuti abvomere msanga, nkuwayesa ana oyenera kunyengereredwa. Ndipo kusiyana kumeneku kukula pamene amene adzasenza tsoka sali amene adzalandira phindu. M'mudzi wa Żurawlów, kum'mwera chakum'mawa kwa Poland, alimi adatchinga malo amene Chevron adafuna kufufuzapo, nakhala pamenepo masiku 400 kuyambira mu June 2013, poopa kuti madzi ao akumwa ndi minda yao zingaonongeke. Kaya mantha ao adali oyenera kaya adapitirira, chinthu chimodzi nchoonekeratu: madzi ndi minda zidali m'manja mwao kale, pamene gasi adali nambala ya papepala. Wopempha munthu kuti aike pachiswe chimene ali nacho chifukwa cha chimene chingapezeke, ali ndi ngongole yomuuza kukula kwake kwa "mwina" ameneyo. Munthu ali ndi ufulu wochita maere ndi mbuzi yake. Alibe ufulu wochita maere ndi mbuzi ya mnzake, mwini wake akuyesa kuti ili m'khola.

Nzeru ya munthu wosadziwa

Ngati chiwerengero chachikulu chingaphonye, chaching'ono nachonso chingaphonye, nanga munthu achite chiani? Yankho lake nlakuti nzeru siili pa kulasa nambala yoona, pakuti imeneyo njobisika kwa onse. Ili pa kukonza zinthu kotero kuti nambala ikaphonya, nyumba isagwe. Pa chimenechi dziko la Poland lomwelo lidachita bwino. M'zaka zomwezo pamene anthu ankalota za gasi wa zaka 300, boma silidaleke kumanga doko ku Świnoujście lolandirira gasi wobwera pa zombo, ndipo chombo choyamba chidafika mu December 2015. Pambuyo pake adayala paipi pansi pa nyanja yobweretsa gasi wa ku Norway kudzera ku Denmark. M'mwezi wa April 2022, nkhondo ya ku Ukraine itabuka, kampani ya Russia ya Gazprom idatseka gasi wopita ku Poland. Mu September chaka chomwecho paipi ya ku Norway idatsegulidwa. Akadakhala kuti adasiya zonsezi pokhulupirira 5,300, chisanu cha chaka chimenecho chikadawapeza ali chimanjamanja.

Nkhani zotere si za ku Ulaya ndi ku America kokha. Kalata ija ya 2011 idanenanso kuti pansi pa chigwa chouma cha Karoo ku South Africa pali mabiliyoni 13,700. Mu 2017 akatswiri a pa University of Johannesburg ndi anzao, atayesa miyala yochokera m'zitsime zatsopano, adapeza kuti kutentha kwakukulu kwa kalekale kudaononga gasi wambiri, ndipo adati chiwerengero choyenera chili pafupi ndi mabiliyoni 370. Kulikonse kumene kumveka mbiri ya chuma cha pansi pa nthaka, kaya ndi gasi, mafuta kapena miyala ya mtengo wapatali, chiwerengero chachikulu ndicho chifika poyamba, chifukwa ndicho chithamanga.

Tsono munthu akamva nambala yotere, afunse mafunso atatu. Kodi ndi mtedza wa m'nthaka kapena wa m'nkhokwe? Kodi wopenekerayo adazula mapando angati, ndipo adawazula m'munda wa yani? Kodi nambala ikaphonya, adzalira ndani? Mafunso amenewa safuna sukulu yaikulu, ndipo agwira ntchito pa zinthu zazing'ono monga pa zazikulu: pa msungichuma wa bungwe wolonjeza phindu la chaka chamawa, pa bambo wokongola feteleza poyang'ana chimanga chimene chikali ngaiyaye, pa mphunzitsi amene anthu amfunsa za mbiri yomveka pa wailesi chifukwa ndiye wodziwa kuwerenga.

Ndipo amene apatsidwa nambala kuti akaifikitse kwa ena, aisenze yathunthu, pamodzi ndi "kapena" wake, ngakhale kumeneko kuchepetsa kuomba m'manja. Kunena kuti "sizidziwika bwino, koma zili pakati pa ichi ndi icho" sikuchotsa ulemu wa mtsogoleri. Anthu amene adauzidwa choona poyamba sakwiya tsiku limene chitsime chipezeka chouma, ndipo adzamveranso mawa. Koma amene adalonjezedwa zaka 300 nalandira dzenje lotsekedwa ndi simenti, aphunzira kukaika zonse, zabodza ndi zoona zomwe, ndipo kutaya kumeneku kuposa ndalama zimene zidamira m'zitsime. Wopenekera akaphonya sadaname. Wonama ndiye amene adaona chikaiko, nachisiya panjira kuti katundu apepuke. Kwa otsala onse akwanira mau a akulu aja akuti, "Linda madzi apite, ndipo uziti ndadala."